Kujambula ndi filimu ya silaidi padzuwa la ku Chikwawa

Amene anakulira nthawi ya ojambula oyenda panjinga mudzi ndi mudzi akuidziwa negativu, kafilimu kabulauni kamene nkhope imaoneka yoyera pomwe thambo lili bii. Filimu ya silaidi ndi mtundu wina. Ikatsukidwa, chithunzi chimatuluka pafilimu pomwepo ndi maonekedwe ake enieni. Ukaikweza kumwamba, chitenje chofiira ukuchiona chofiira, nzimbe zili zobiriwira. Palibe wa ku situdiyo woti akuwongolere kuwala posindikiza papepala. Chaka chino ndakhala ndikudziphunzitsa filimu imeneyi pa kamera yakale ya 35mm imene anandibwereka amalume anga a ku Nchalo, ndipo izi ndi zimene ndatolapo.

Mitundu yake yatsala yochepa. Pali Ektachrome E100 ya Kodak, imene inabwereranso pamsika mu 2018 kampaniyo itasiya kupanga silaidi mu 2012. Palinso Provia 100F ndi Velvia 50 za Fujifilm. Kodachrome, imene achikulire ojambula amaitamanda mpaka lero, inasiya kupangidwa mu 2009, ndipo labu yomaliza yoitsuka, ya ku Kansas ku America, inasiya ntchitoyo kumapeto kwa 2010. Zotsalazi zonse zimatsukidwa ndi njira yotchedwa E-6, imene imafuna mankhwala akhale pa madigiri 38 osakwera osatsika. Ndinaseka nditawerenga zimenezi, poti ku Ngabu mu Okutobala mpweya wokha umapitirira pamenepo. Ine sinditsuka ndekha. Mipukutu ndimapatsira wachibale wopita ku Joni, ndiye kudikira kwake n'kwa miyezi.

Kutentha komweko ndi mdani wa filimu. Mpukutu ukagona m'galimoto kapena pawindo, mitundu imasokonekera usanajambule n'komwe. Yanga imakhala m'fuliji, m'kabotolo kake kotseka bwino, ndipo ndikaitulutsa ndimadikira ola limodzi kapena awiri ndisanatsegule, kuti filimu yozizirayo isachite thukuta ikakumana ndi mpweya wotentha.

Koma phunziro lenileni lili pa kuwala. Ojambula amayeza kuwala ndi masitepe. Sitepe imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri kapena kukudula pakati. Filimu ya silaidi imatha kusunga masitepe pafupifupi asanu okha kuchokera pamalo akuda kufika pamalo owala. Negativu imakhululuka ukaipatsa kuwala kochuluka, koma silaidi ayi. Pamene pawala mopitirira pamangotsala pulasitiki yoonekera mbee, popanda kanthu. Pamene pada mopitirira pamatsekeka bii. N'chifukwa chake malangizo a ojambula amati uyeze kuwala kwa malo owala kwambiri, mithunzi idzionere yokha. Masana dzuwa lili paliwombo, filimu ya ISO 100 (nambala yosonyeza mphamvu yake yogwira kuwala) imafuna kabowo ka lenzi kakhale pa f/16, n'kulowetsa kuwala kwa 1/125 ya sekondi.

Malangizo amenewo ndi oona, koma ayeseni pa munthu wakuda ngati ine ndi inu, ataima m'mbali mwa Shire dzuwa likuswa mtengo. Madzi atuluka bwino, mchenga utuluka bwino, malaya oyera aoneka ndi makwinya ake. Nkhope yokha, makamaka ngati ili kunsi kwa chipewa kapena mpango, idzangokhala mdima. Mukatsegula lenzi masitepe awiri kuti nkhope ioneke, mtsinje ndi thambo zapita. Zinthu ziwirizi sizikwana pa silaidi imodzi nthawi ya masana kuno kuchigwa, ndipo palibe batani la pakamera limene lingazikwanitse. Choyenera kusintha ndi kuwala kwenikweniko.

Ndinaziona bwino pa dooko lina m'mphepete mwa Elephant Marsh. Mayi wina ankagulitsa milamba yowamba palichero, kumbuyo kwake mabwato ndi madzi akunyezimira.

"Mayi, ndingakujambuleni? Koma mukanasendera pang'ono pansi pa mtengowu."

"Jambulani msanga achimwene, nsombazi zikudikira ogula."

Atakhala mumthunzi, ndinatembenuka kuti kumbuyo kwawo kukhale bango osati madzi. Kamnyamata kawo ndinakapempha kagwire thumba loyera la feteleza chapambali, padzuwa, kuti kuwala kubwerere pankhope. Ndinayeza kuwala chapafupi ndi tsaya lawo. Pa silaidiyo khungu linatuluka ndi maonekedwe ake, mikanda ya m'khosi ikuwerengeka, ngakhale utsi umene unadetsa milamba ija ukuoneka. Thumba la feteleza ndimayenda nalo tsopano m'chikwama cha kamera.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa likungotuluka, ndi madzulo likapendeka. Apo kusiyana kwa mdima ndi kuwala kumachepa, filimu n'kukwanitsa zonse. Velvia ndimaisungira minda ya nzimbe ndi madambo, chifukwa imakoleza mitundu kwambiri ndipo nkhope imazifiiritsa. Pojambula anthu, Ektachrome kapena Provia ndiye zabwino. Malo otchuka aja otsetsereka kuchokera ku Blantyre, pamene chigwa chonse chimaonekera pansi, sindiwalimbikitsa m'chilimwe. Utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba zonse, silaidi n'kutuluka yotuwa. Dikirani mvula yoyamba itsuke mlengalenga.

Kusikana, komwe ndi kusamutsira chithunzi cha pafilimu pakompyuta, ndinkakuyesa gawo losavuta, poti mitundu ilipo kale ndipo palibe zotembenuza ngati za negativu. Mbali imeneyo ndi yoonadi, ndipo ubwino wina ndi wakuti silaidi ili m'manja mwako, ukhoza kuyerekeza ndi zimene zili pakompyuta n'kudziwa ngati sikana yanama. Vuto lili pamalo akuda. Silaidi ikada imada kwambiri, moti nyali ya sikana yotchipa imalephera kubowola. Diso lako likuona masamba mumthunzi wa mtengo, koma pakompyuta pakungotuluka timadontho tofiira ndi tobiriwira. Ndiye mthunzi wa pankhope uja umakuvutitsa kawiri, pojambula ndi posikana. Pulogalamu ya sikana ukaisiya kuti idzisankhire yokha, imayesa kuwalitsa chilichonse chakuda, khungu n'kuoneka ngati lapakidwa phulusa. Ndimazimitsa zodzichitira zokhazo, n'kusunga fayilo ya TIFF ya mabiti 16, mtundu wosataya tsatanetsatane wa chithunzi, kenako n'kukonza pang'onopang'ono silaidi ili pambali.

Chithunzi cha 35mm ndi mamilimita 24 mulifupi ndi 36 mulitali. Ukasikana pa 4000 dpi, kutanthauza timadontho 4000 pa inchi imodzi, umapeza mamegapikiselo pafupifupi 21. Masikana ambiri ofanana ndi fotokope amalemba manambala akuluakulu pabokosi, koma tsatanetsatane amene amatulutsa ndi wochepa kuposa pamenepo. Ena amangoika silaidi pa kabolodi kowala n'kuijambula ndi kamera ya digito yokhala ndi lenzi yoonera pafupi. Njira imeneyi ndi yachangu, ndipo kuno kumene magetsi amabwera ndi kupita, ili ndi phindu lake.

Fumbi ndiye musanene. Ukapukuta galasi, pofika poika silaidi latera kale lina. Masikana ena ali ndi kuwala kosaoneka ndi maso kwa infrared kozindikira fumbi n'kulifufuta, ndipo kumagwira bwino pa filimu za E-6, koma pa Kodachrome kumasokoneza chithunzi. Amene akufuna kusikana masilaidi akale a m'banja ayambe aona dzina la filimu pa kafulemu kake. Ine ndimasikana usiku nditawaza madzi pansi, mawindo otseka, thukuta lili kamukamu.

Chimene ndikufuna kuyesa mvula ikagwa ndi nyala za ku Lengwe. Zimakonda m'zitsamba zowirira momwe ISO 100 imachepa mphamvu, choncho ndidzajambula mpukutu wonse ngati wa ISO 200, n'kulemba pa kabotolo kuti a ku labu aonjezere nthawi ya mankhwala oyamba. Vuto lake ndi lakuti mithunzi idzada kuposa kale, ndiye sikana ija idzavutikanso.