Za mount ndinazimvetsa ndili pa depoti

Lachitatu lapitali ndinagona tulo tofa nato. Milungu itatu ndakhala ndikulimbana ndi kanthu kamodzi ka Linux kotchedwa mount, ndipo kanadzamasuka ndili pa depoti kudikira minibasi ya ku Nkhata Bay, buku lili kunyumba.

Amalume ali ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza mapepala ku Luwinga. Muli makompyuta anayi akaunjika, onse a Windows 10. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta), yomwe mwa anayiwo palibe ili nayo. Amalume anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe si ukuphunzira zamakompyuta? Tione ngati fizi ikupita pabwino." Ndinasankha kuika Linux Mint 22 ya Xfce m'malo mwa Windows, poti ndi yopepuka ndipo idzalandira zigamba mpaka 2029. 

Chinandisokoneza ndi D:, chilembo chomwe Windows imapatsa disiki kapena gawo la disiki. Pa shopupo zonse za makasitomala, ma CV, makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maukwati ndi maliro, zimakhala pa D:. Ndiye pokhazikitsa Mint akundifunsa mount point, kutanthauza foda yomwe disiki izionekera, ine ndikufunafuna pomwe ndilembe D. Ndinkadziwa kuloweza kuti ku Linux zonse zimayambira pa / (foda yomwe ndi muzu wa mafoda onse), mayeso ndinakhoza nazo, koma mumtima ndinkaonabe /home, momwe mumakhala mafayilo a ogwiritsa ntchito, ngati foda yomwe ili mkati mwa disiki, monga My Documents.

Pa depoti paja ndinaona minibasi itadzaza n'kunyamuka, ina n'kulowa pamalo pomwepo, oyitanira akukuwa mawu omwe aja. Wokwera safunsa kuti galimotoyi ndi ya ndani. Amadziwa siteji basi. Ndinatsala pang'ono kukuwa. /home ndi siteji! Partition, gawo la disiki, ndiye minibasi. Mount ndi kuimika galimoto pa siteji, ndipo /etc/fstab ndi kope la tcheyamani lonena kuti galimoto iti iime pati m'mawa uliwonse. Siteji ikakhala yopanda galimoto imangokhala foda yopanda kanthu, ndiye chifukwa chake tsiku lina ndinatsegula /mnt/zakale n'kupeza mbee, mtima n'kugunda kuti ndafufuta ntchito za anthu, pomwe disiki sinaimikidwe chabe.

Ndipo fanizoli linapitirira lokha. Mayina a sda, sdb omwe Linux imapatsa madisiki si mayina enieni a disiki, ndi malo a pamzere, wofika koyamba atenga sda. Mlungu woyamba ndinalemba /dev/sdb1 mu fstab, n'kuyatsanso kompyuta flash ili chibayire. Mzere unasokonekera, makina anakagwera mu emergency mode, sikirini yakuda, amalume ataima kumbuyo kwanga osayankhula. UUID, nambala yapadera ya partition iliyonse, ndiye nambala ya galimoto, siisintha kaya yafika yoyamba kaya yomaliza. Lembani lsblk -f muione, muikope ndendende mu fstab. Musanakhudze fayiloyo sungani kope lake. Mukamaliza lembani sudo mount -a (sudo ndi lamulo lokupatsani mphamvu za woyang'anira makina) musanazimitse, kuti ngati mwaphonya likudzudzuleni pomwepo makina akadali moyo. Disiki yakunja yomwe nthawi zina imachotsedwa muiikire nofail, apo ayi tsiku lomwe palibe, kompyuta idzakana kudzuka bwino.

Kuyambira pamenepo ine ndi /home yapayokha, ndipo palibe angandiuze kanthu. Makina onse anayi ndawagawa chimodzimodzi: / payokha, /home payokha. Imodzi ndaikhazikitsanso kawiri nditaiwononga ndi manja angawa, mafayilo a makasitomala osakhudzidwa ngakhale imodzi, bola osachonga kabokosi ka format pa partition ya /home. Ndikuona ngati theka la mantha a anthu posamuka ku Windows lingathe ndi njira imeneyi yokha. Mnzanga wina amati ndikukokomeza, disiki ikafa imafa ndi ma partition ake onse. N'zoona, ndimakoperabe mafayilo ndi rsync -a Loweruka lililonse kupita ku disiki yakunja. Koma ndikukokomezabe.

Pali tizinthu tiwiri tomwe tinandidyera masiku. Koyamba, D: yakale ija ya NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) inkalola kuwerenga kokha, kukana kulemba. Vuto linali Fast Startup ya Windows, yomwe siizimitsa makina kwathunthu, imasiya disiki ngati ikugwirabe ntchito. Fast Startup imeneyi muizimitse musanachotse Windows. Kachiwiri, mafayilo ku Linux mwini wake ndi nambala, dzina ndi chovala chabe. Munthu woyamba kupangidwa pa Mint amatenga 1000. Nditakhazikitsanso ndinayamba kupanga akaunti yanga, ya shopu n'kukhala 1001, mtsikana wotayipa n'kulephera kutsegula mafoda ake omwe. chown -R, lamulo losintha mwini wa mafayilo, inakonza, koma nditatuluka thukuta ndi kuzizira konse kwa Mzuzu kuno.

Chomwe chimandiwawa n'choti zonsezi aphunzitsi akanatha kuzinena m'mphindi zisanu. Iwo analemba pa bolodi mount /dev/sdb1 /mnt, ife n'kukopera, iwo n'kupita pa mutu wina poti silabasi ikuthamanga. Nditafunsa kuti D: yapita kuti anati, "Ku Linux kulibe zimenezo," n'kutembenuka. Sananame ayi. Koma yankho lotero limakusiya pomwe unali. Labu timalowa kamodzi pa mlungu, atatu pa kompyuta imodzi, ndipo sudo satipatsa poopa kuti tiwononga. Munthu ungaphunzire bwanji fstab osaiwonongapo? Magetsi akazima tsiku la labu ndiye basi, tionana mlungu wamawa. Mwina nawonso aphunzitsiwo anaphunzira choloweza, sindiwada kwenikweni. Kunyumba nako bandulo imathera pa ma update, ISO yokha, fayilo yokhazikitsira Mint, pafupifupi 3 GB.

Pano pali pomwe njira yanga yayamba kundivuta. Pa / ndinapereka 30 GB poganiza kuti ndi yambiri, koma mapulogalamu oikidwa kudzera mu njira ya Flatpak akukhala mu /var/lib/flatpak, ndipo pa makina amodzi malo atsala pang'ono kutha pomwe /home ili ndi malo ambiri. Mnzanga uja akuti ndikanagwiritsa btrfs, kasungidwe kena ka mafayilo, pomwe @ (ya /) ndi @home (ya /home) zimagawana malo a partition imodzi, pulogalamu ya Timeshift n'kumajambula msangamsanga momwe makina alili kuti uthe kubwererako zikawonongeka. Ndawerenga kawiri, ndipo fanizo langa la minibasi likuyamba kutsimphina pamenepo, galimoto imodzi kuima pa masiteji awiri nthawi imodzi. Komanso kompyuta ya pakona ndaisiyira Windows pambali chifukwa makadi aukwati amalume amapangira CorelDRAW, ndipo Inkscape, pulogalamu yofanana nayo yomwe imagwira pa Linux, anaiyang'ana mphindi ziwiri n'kupukusa mutu. Kaya ndiichotse pa intaneti ikhale choncho, kaya ndilimbane nawo aphunzire, sindinaganize bwino. Dzulo andifunsanso kuti D: ibwera liti.