Gawo 193 ndi kaundula wa pamsika: zimene ndaphunzira za ogwira ntchito m'khonsolo

M'chigawo chino cha maphunziro athu a kayendetsedwe ka ntchito za boma takhala tikukambirana za makhonsolo, ndipo mutu umene wandisowetsa tulo ndi wa khalidwe la ogwira ntchito m'khonsolo ya mzinda pa nkhani za ndale. Poyamba ndinkaganiza kuti lamulo limangofuna kuti munthu wolembedwa ntchito asavale nsalu ya chipani kapena kukavina kumsonkhano wa ndale, koma tsopano ndaona kuti mayeso enieni amachitikira pa tebulo lake, pamene anthu awiri akupempha chinthu chimodzi ndipo wina wabwera ndi dzina la bwana pakamwa.

Aphunzitsi athu anayamba ndi kusiyanitsa magulu awiri amene amapezeka m'khonsolo za Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Makhansala amasankhidwa ndi anthu m'mawadi, ambiri amaimira zipani, ndipo ndi iwo amene amasankha mfumu ya mzinda pakati pawo, choncho ndale ndi ntchito yawo ndithu. Koma mkulu wa khonsolo, akuluakulu a zachuma, a zomangamanga ndi a zaumoyo, mpaka kalaliki wodula ziphaso pamsika, ndi olembedwa ntchito, amene amayenera kutsala pamipando yawo chipani china chikatuluka m'boma ndipo china chikalowa. Gawo 12 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'dziko lino, ndipo wozigwiritsa ntchito wangosungitsidwa. Gawo 193 limapita patsogolo poletsa boma kapena chipani chilichonse kugwiritsa ntchito wogwira ntchito m'boma, ngakhalenso chuma chimene iye amayang'anira, pofuna kukweza chipani china kapena kugwetsa chinzake. Chimene chinandikhudza n'chakuti gawoli silikulankhula kwa wantchito yekha, likulankhulanso kwa amene ali ndi mphamvu zomutuma.

Agogo anga aakazi ankandiuza kuti m'nthawi ya chipani chimodzi, isanachitike riferendamu ya pa 14 Juni 1993, munthu sankalowa mumsika popanda kuonetsa khadi la chipani kwa anyamata oima pachipata, ndipo mayi woiwala khadi kunyumba ankabwerera ndi dengu lake la masamba pamutu. Nditawerenga gawo 193 ndinawakumbukira, ndipo ndinamvetsa kuti amene analemba mawu amenewa ankadziwa bwino kumene tikuchokera.

Komabe mbiri ya makhonsolo athu yandionetsa kuti mawu abwino papepala safika okha ku ofesi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabwera ndi mfundo ya mphamvu ku anthu, makhansala anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 panalibenso chisankho china mpaka pa 20 Meyi 2014. Kwa zaka 9 zimenezi mizinda inkayendetsedwa ndi olembedwa ntchito popanda makhansala owafunsa mafunso. Mkati mwa zaka zomwezo, mu 2010, lamulo lija linasinthidwa kotero kuti mkulu wa khonsolo azisankhidwa ndi nduna. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa munthu amamvera amene angathe kumusamutsa kapena kumuchotsa, ndipo n'kovuta kuuza mkulu wa khonsolo kuti asaope ndale pamene mpando wake uli m'manja mwa wandale.

Zimenezi ndinaziona pafupi pamene ndinali pa ntchito yophunzirira mu ofesi ya msika wina wa mumzinda. Amene ankandiyang'anira anali mayi wachikulire amene ankasunga kaundula wa ofuna mabenchi ogulitsira, buku lachikuto cholimba lothimbirira m'mphepete, momwe ankalemba dzina, tsiku lolembetsa ndi mtundu wa malonda. M'mawa wina kunalowa mnyamata atanyamula pepala lopinda, ndipo analiika pa tebulo n'kunena kuti, "Mayi, awa ndi anyamata athu, bwana akuti muwaganizire pa mabenchi atsopano aja, zachokera kumwamba." Mayiwo sanapse mtima ndipo sanamufunse kuti ndi wa chipani chiti. Anamupatsa mpando, anatsegula buku, n'kumuonetsa ndi chala mayina a anthu amene anakhala akudikira, ndipo anati, "Achimwene, auzeni abwere aliyense payekha adzalembetse, ndiwalemba pansi pa anzawowa. Ngati bwana akufuna kuti tidumphe mayina, atilembere kalata yosainidwa, tiiike m'failo." Mnyamatayo anatenga pepala lake n'kutuluka osatsanzika, ndipo kalata ija sinabwere kufikira tsiku limene ndinachoka pamalopo.

Masana tikudya nsima kuseri kwa ofesi, anandiuza kuti iwonso ali ndi chipani chawo mumtima ndipo chisankho chilichonse amakaponya voti, koma buku lija si lawo ndipo si la khansala. Anandiuzanso motsitsa mawu kuti anasamutsidwapo kale chifukwa cha kukana kotereku, ndipo ana awo anasintha sukulu pakati pa chaka. Mawu amenewa anandilemera kuposa zonse zimene ndinawerenga, pakuti m'kalasi timatchula chilungamo mosavuta, osawerengera mtengo umene munthu wa malipiro ochepa amalipira kuti achisunge.

M'kalasi mnzanga wina anatsutsa kuti khansala wosankhidwa ndi anthu ali ndi ufulu wouza wantchito chochita, apo ayi mzinda udzalamulidwa ndi anthu amene sanavoteredwe. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo zaka zopanda makhansala zija zikuichitira umboni. Koma ine ndikuona kuti khansala amalamula kudzera m'msonkhano wa khonsolo, pamene zokambirana zimalembedwa ndipo zimakhudza anthu onse, monga kukweza msonkho wa pamsika kapena kumanga mashedi atsopano, osati kudzera pa foni yonena kuti uyu apatsidwe ndipo uyo amanidwe. N'chimodzimodzinso ndi nkhani ya mavenda, amene anachotsedwa m'misewu mu 2006 pa ntchito ya Dongosolo: ngati lamulo likugwira pokhapokha chisankho chili kutali, wantchito wa khonsolo ndi amene amanyozeka, chifukwa ndi iye amene amaima pamaso pa wogulitsa tomato kumuuza kuti achoke lero, pamene dzulo anamulekerera.

Pa ntchito yolemba yomaliza chigawo chino ndasankha kuyerekeza lamulo la 1998 ndi kusintha kwa 2010, makamaka pa kalembedwe ndi kasamutsidwe ka ogwira ntchito m'khonsolo. Ndikufuna ndifufuze kuti wantchito wokana pepala lopinda ngati lija angakadandaule kuti akasamutsidwa, kaya ndi ku ofesi ya Ombudsman, kaya kubwalo loona za ntchito, ndiponso kuti njira zimenezi zimatenga nthawi yotani kwa munthu amene ana ake ali pasukulu.