Atandipeza ndi HSIL kotulukira chimbudzi, zinayenda chonchi

Ine ndinkangoti ndi matenda a mudzi, kuyabwa kuja komanso kachigamba kokhakhala m'mbali mwa kotulukira chimbudzi. Adokotala atayang'ana anati ayi, apa pakufunika kuunika bwinobwino ndi makina, amati high-resolution anoscopy. Umagona chammbali mawondo utapinda, amalowetsa kachubu kakang'ono kenako amapaka viniga wa acetic acid, ndiye pomwe maselo asokonekera pamayera mbee akamayang'ana pagalasi lokulitsa zinthu. Pomwepo anandibaya jakisoni wa dzanzi nkudulapo kachidutswa kakhungu kupita nako ku labu. Manyazi analipo inde koma anatha msanga, anthu aja zimenezi amaziona tsiku ndi tsiku.

Zotsatira zitabwera anati ndi HSIL, kutanthauza kuti maselo a khungu la pamenepo asokonekera kwambiri, ena amati AIN 2 kapena 3. Si khansa ayi, koma ikangosiyidwa kwa ena imadzasanduka khansa. Imabwera ndi kachilombo ka HPV makamaka mtundu wa 16, ndipo omwe ali ndi HIV kapena chitetezo chawo ndi chotsika ndi amene imawagwira kwambiri. Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi kafukufuku wa ANCHOR wa ku America yemwe anatuluka mu 2022, mwa anthu oposa 4,000 omwe ali ndi HIV anapeza kuti kuchiza HSIL kunachepetsa khansayi ndi 57 peresenti.

Anandifotokozera kuti pali zopaka ngati imiquimod kapena 5-fluorouracil, pali asidi wa TCA wa malo aang'ono, komanso pali kuwotcha ndi kachipangizo ka magetsi. Kudula chigamba chonse mu opaleshoni amakuchita pomwe akukayikira kuti khansa yayamba kale, chifukwa akachotsa khungu lambiri pamenepo chipsera chimatha kupanikiza njira chimbudzi nkumavuta kutuluka moyo wonse. Ine ndi adokotala tinagwirizana zowotcha.

Tsiku lake silinali loopsa monga ndinkaganizira. Dzanzi litagwira sindinamve kanthu kupatula kafungo ka kupsa basi, ndipo ndinabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kowawa ndi pambuyo pake, makamaka chimbudzi choyamba, eee pamenepo musanamizidwe kumawawa ndithu ndipo timagazi timaoneka. Chinandithandiza ndi kukhala m'beseni la madzi ofunda ndikangochoka kuchimbudzi, kumwa madzi ambiri ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi kuti ndisadzimbidwe, komanso kusamba ndi madzi m'malo mopukuta ndi tishu. Anandichenjeza kuti magazi akachuluka kapena thupi likatentha ndibwerere msanga osadikira tsiku la cheki.

Chomwe ndikanakonda aliyense atamva asanayambe ndi choti matendawa amakonda kubwereranso ngakhale awotche bwino bwanji, poti kachilombo ka HPV kamatha kutsalira pakhungu lozungulira. Ndiye anoscopy uja ndimapitabe miyezi ingapo iliyonse, akapeza kachigamba kena amawotchanso kadakali kakang'ono.