Ndalama za Lolemba zinkafika ku banki Lachinayi

Ndili ndi shopu ya hadiweya pa Mponela: simenti, malata, misomali, penti, maloko. Nyengo ya fodya, alimi akalandira zawo za ku Kanengo, amabwera ndi ndalama m'manja, moti pofika 4 koloko dilowa imakana kutsekeka. Kwa zaka zitatu amene ankakhala pa dilowayo anali mwana wa mlongo wanga. Fizi ya ku sekondale ndinamulipirira ndine, ndipo atangolemba Fomu 4 ndinamutenga. Iye ndi amene ankalandira ndalama, iye yemweyo n'kulemba mu kashibuku, iye yemweyonso n'kupita nazo ku banki. Yanga inali kufunsa chabe kuti, "Wakasiya?" Iye n'kuyankha, "Ndakasiya amalume," n'kundionetsa silipi. Ndikangoona chidindo cha banki mtima unkakhala pansi.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinaona kuti ndikachedwa kuoda malata ndidzawagula pa mtengo woti sindingauthe. Ndinakapempha ngongole, a banki n'kunena kuti tiyambe taona sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi. Kanali koyamba kuti ndiigwire m'manja. Zaka zonsezo ndinkangoyang'ana balansi pa foni, osadziwa kuti balansi imangokuuza zomwe zilipo, siikuuza zomwe zinayenera kukhalapo.

Usiku umenewo ine ndi mayi a kunyumba tinayala kashibuku, masilipi ndi sitetimenti pa tebulo lodyera. Iwo ankawerenga mzere wa m'buku, ine n'kuufufuza pa sitetimenti ndi rula, ndikaupeza n'kuchonga ndi pensulo mbali zonse ziwiri. Ziwerengero zinkagwirizana bwinobwino, mpaka ndinayamba kuyasamula. Ndi mayiwo amene anati, "Bambo, taonani madeti." Ndalama zomwe buku likuti tinagulitsa Lolemba, ku banki zinalowa Lachinayi. Za Lachiwiri, Lachisanu. Titabwerera m'mbuyo tinaona kuti mu Juni zinkalowa m'mawa mwake, mu Ogasiti zinkagona masiku awiri, pofika Okutobala atatu. Chonsecho banki ili poti munthu n'kupita wapansi.

Zimene zinkachitika n'zakuti mnyamatayo anatapa ndalama tsiku lina kuti akagule soya, akagulitse, abwezeretse ine ndisanadziwe. Geni inamukanika. Kuti atseke dzenjelo anayamba kutenga za mawa n'kukwaniritsa za dzulo, kusonkhanitsa ndalama yofanana ndendende ndi imene analemba m'buku. N'chifukwa chake masilipi onse anali enieni, chidindo chenicheni, chiwerengero cholondola. Bodza linali pa deti pokha, pamene ine sindinkayang'ana n'komwe. Dzenje likamakula, masiku ochedwa ankawonjezekanso. Titawerengetsa tinapeza kuti zogulitsa za masiku atatu athunthu kunalibe, ndalama yokwana kufolera nyumba ya zipinda zingapo.

Nditamuitana sanakane. Anagwada pa simenti ya m'sitolo, n'kunena kuti, "Amalume, mwezi uliwonse ndimati ndibweza." Ndinamukhulupirira, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti ankafunadi kubweza. Analakwa, zimenezo sindibisa. Koma mawu a mlongo wanga atabwera kudzakamba mlanduwu sanandichoke m'mutu: "Achimwene, mbuzi imadya pamene aimangirira. Mwana wa zaka 22 mwamusiyira dilowa, buku ndi banki, inu osayang'anamo zaka zitatu?" Ndinakwiya tsikulo, koma ankanena zoona. Akanadziwa kuti kumapeto kwa mwezi uliwonse wina adzakhala pansi n'kufananiza, akanaopa, kapena ndikanamugwira dzenje likadali la tsiku limodzi, loti n'kukambirana pakhomo.

Chinandidabwitsa n'chakuti kusiyana kwina kumene tinapeza usikuwo sikunali kuba ayi. Panali ndalama zimene banki imadula mwezi ndi mwezi, zomwe sizinalembedwepo m'buku chitsegulireni akaunti. Panali cheke cha kontilakita wina chimene tinalemba kuti talandira, koma chinabwerera chifukwa ku akaunti kwake kunalibe kanthu, ife osadziwa. Panali cheke changa chopita kwa amene ndimaodako simenti ku Lilongwe, chomwe anali asanakasinthe, moti balansi ya pa foni inkandionetsa ndalama zimene sizinalinso zanga. Pena analemba K45,000 m'malo mwa K54,000. Mnzanga wina wodziwa za akaunti anadzandiphunzitsa kuti kusiyana kukamagawika ndi 9, yamba wafufuza manambala otembenuzidwa chotere. Ndipo panali ineyo. Chipepeso cha maliro, petulo, ndiwo za kunyumba, ndinkangotsegula dilowa n'kutenga osalemba. Mwini shopu akamatapa osalemba, wantchito amaphunzira kuti dilowa ilibe mwini woiwerenga.

Nkhaniyi imandikumbutsa za Cashgate ya 2013, pamene makampani ankalandira macheke a boma osagwira ntchito iliyonse, kenako zolembazo n'kufufutidwa mu IFMIS, dongosolo la pa kompyuta limene boma limalembamo za ndalama zake. Mu 2015 a PwC, kampani yofufuza mabuku a ndalama, atafananiza kashibuku ya boma ndi masitetimenti a ku banki a zaka za 2009 mpaka 2014, anapeza K577 biliyoni yomwe inatuluka koma m'buku simunali. Sikuti yonseyo inabedwa, koma kwa zaka zonsezo mbali ziwirizo zinkayenda payokhapayokha. Nthawi imeneyo ndinkapukusa mutu pomvera wailesi, osadziwa kuti nthenda yomweyo idzamera pa kauntala panga.

Pano ntchito ija ndinaigawa. Mtsikana wa pa kauntala amalandira ndalama n'kulemba risiti ya kaboni, ndipo marisitiwo ali ndi manambala otsatana. Ikalakwika saing'amba, amaidula mzere n'kuisiya m'buku momwemo. Tikatseka timawerenga ndalama anthu awiri, tonse n'kusayina. Amene amapita ku banki ndi wina, ndipo za lero zimalowa mawa isanakwane 10 koloko. Silipi ikabwera ndimayamba ndayang'ana deti. Zolipira zing'onozing'ono zili ndi kabokosi kake ka K50,000, ndipo aliyense wotengamo, ngakhale ine, amasiyamo kapepala. Wolipira pa Airtel Money kapena Mpamba katundu satuluka mpaka titaona ndalamayo pa foni ya shopu, chifukwa tsiku lina munthu anatsala pang'ono kunyamula matumba khumi a simenti potionetsa uthenga wolemba yekha.

Mtsikanayo poyamba ankaona ngati sindimukhulupirira. Ndinamuuza kuti siginecha yangayo ndi imene idzamuikire kumbuyo tsiku limene ndalama zidzasowe. Anazimvetsa mu Meyi, K80,000 itaperewera, buku n'kuonetsa kuti inachoka m'manja mwake yokwanira. Inali m'thumba la jekete langa, ndinaitenga kukalipira a lole.

Mwana wa mlongo wanga uja ali ku sitolo tsopano, amawerenga katundu wolowa ndi wotuluka, ndalama sagwira. Timamudula pang'onopang'ono pa malipiro monga tinagwirizanirana pamaso pa mayi ake, ndipo watsala ndi miyezi inayi. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse tikayala mabuku pa tebulo lija ndimamuitana. Iye amawerenga madeti mokweza, ine n'kumachonga.