Mchere unatsala pang'ono kundiphera ndere zonse za m'thanki

M'mawa uno ndaona timphukira tofiira pa Gracilaria, mtundu wa ndere zofiira za m'nyanja, ndipo mtima wanga wakhala pansi koyamba m'miyezi itatu. Thanki yake ndi yaing'ono, ya malita 40, ndipo ndinkafuna ndere za m'nyanja yamchere zokha, popanda makorali. Za kugula pampu, nyali ndi hita sindinena, aliyense amazipeza. Chomwe chandipweteka ndi mchere.

Wogulitsa anandipatsa hydrometer ya pulasitiki yoyezera mchere m'madzi, ija ili ndi kamuvi koyandama m'kati, n'kundiuza kuti woyamba safunika china. Madzi a m'nyanja amakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35 pa lita imodzi, ndipo pa chipangizo choyezera pamayenera kuoneka 1.025 kapena 1.026. Kamuvi kanga kankaloza pafupi pamenepo, ine osadandaula. Chimene sanandiuze n'choti kachipangizoka ukapanda kukatsuka ndi madzi opanda mchere, kamuvi kamamatidwa ndi mchere wouma, kamalemera, n'kumasonyeza nambala yotsika. Tithovu tikakanirira pakamuvi, kamakweranso kuposa mmene madzi alili. Ndiye munthu ukhulupirira chiyani?

Ndipo ndi iye yemweyo amene nditamufunsa zochita madzi akamachepa, anangoti, "Muzithira ena osakaniza kale aja." Ndinamvera. Tsiku lililonse madzi ankatsika pafupifupi theka la lita, ine n'kumathira amchere, kwa milungu itatu yathunthu. Chonsecho chomwe chimauluka ngati nthunzi ndi madzi okha, mchere umatsala momwemo. Madzi akachepa, thirani opanda mchere. Palibe anandiuza zimenezi, ndipo mpaka pano zimandiwawa kuti mawu amodzi okha akanandipulumutsa.

Gracilaria inayamba kuyezuka kunsonga, n'kufewa, ukaigwira kumangonyenyeka m'zala. Nkhono ziwiri zinagwa pagalasi osadzukanso. Ndinasintha nyali, ndinachepetsa maola ake kuchoka pa 10 kufika pa 8, ndinasuntha pampu, zonse osathandiza. Nditagula refractometer, chipangizo china choyezera mchere, n'kuikonza ndi madzi ake oyezera a 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi), ndinadontheza madontho awiri pakagalasi, n'kuyang'ana powala: 1.033. Ndinayeza katatu chifukwa sindinakhulupirire. Musautsitse tsiku limodzi mcherewo, zamoyo zimadzidzimuka. Ine ndinkachotsa lita imodzi n'kubwezera ina yopanda mchere, kamodzi patsiku, ndipo zinanditengera masiku oposa 7.

Ndaiwala kunena za poyambira. Mukathira mchenga ndi miyala, dikirani. Mabakiteriya ayenera kuchulukana kuti azisandutsa ammonia, poizoni wochokera ku zinyalala za m'thanki, kukhala nitrite, kenako nitrate, ndipo zimenezi zimatenga milungu 4 mpaka 6. Kwa ine zinatenga 5. Mchere muzisakanizira mu ndowa, pampu ikuzungulira usiku wonse, osati m'thanki momwe muli zamoyo. Madzi a pampopi asiyeni. Ndowa yoyamba ndinagwiritsa ntchito amenewo, ndipo sabata isanathe mchenga wonse unakutidwa ndi fumbi lofiirira la ma diatom, tindere tating'onoting'ono tomwe timakula ndi silicate wa m'madzimo. Gwiritsani ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO/DI, omwe amachotsa zosungunuka m'madzi, posakaniza mchere ngakhalenso powonjezera aja ouluka. Inde, owonjezerawo akhale opanda mchere.

China chomwe ndinaphunzira mochedwa n'choti ndere zimadya. Ndinkanyadira nitrate ikasonyeza 0, osadziwa kuti ndikuzipha ndi njala. Zimafuna nitrate, phosphate pang'ono ndi ayironi. Pano nitrate ndimaisunga pakati pa 5 ndi 10 ppm (mamiligalamu pa lita), ndipo kufiira kwa Gracilaria kwabwerera. Mwa ndere zanga, Chaetomorpha yokha ndiyo inapirira mavuto onsewa, imangokhala ngati mtolo wa ulusi wobiriwira wopiringizana. Ndere ya Halimeda ndaiika pambali kaye, imafuna kashiamu wambiri ndipo sindinakonzeke kuyeza chinanso.

Ndere ya Caulerpa prolifera ndimaikonda, masamba ake amaweyula bwino pampu ikamawomba, koma muziiyang'anitsitsa. Ikavutika imatha kutulutsa zonse za m'kati mwake kuti iswane, n'kutsala yoyera ngati pepala lonyowa. Yanga inatero usiku wina mchere uli pamwamba paja, ndipo kutacha madzi anali mbuu, miyala osaoneka. Ndinazula zoyera zonse n'kusintha madzi kotala. Zozulazo musakhuthulire mu sinki kapena m'ngalande. Mtundu wina, Caulerpa taxifolia, unapezeka m'nyanja ya Mediterranean kufupi ndi Monaco mu 1984, n'kufalikira pansi pa nyanja mpaka kumaiko oyandikana, ndipo mu 2000 unapezekanso ku California. Ine ndimaziika m'pepala la pulasitiki, kuzisiya mu fiziza tsiku lathunthu, kenako m'bini.

Hydrometer ija ndinaitaya tsiku lomwe refractometer inasonyeza 1.033. Pagalasi ndalemba kamzere ndi cholembera chosafufutika, pomwe madzi ayenera kulekezera mchere ukakhala 1.025. Madzulo aliwonse ndimatenga botolo la madzi osefedwa, ndikuthira pang'onopang'ono pafupi ndi pampu mpaka afike pamzerepo, ndipo Loweruka ndimayeza ndi refractometer. Kwa milungu 4 tsopano nambala sinasunthe, ndipo mawa ndikuika nkhono zina ziwiri.