Mphutsi za kuseri kwa khitchini

Amayi atandipeza ndikuthira makoko a nthochi ndi madeya m'beseni lakale, anandiyang'ana kwa kanthawi. "Fizi yonse ija, iwe n'kumaphunzira kuweta mphutsi?" Ndinangoseka. Kunena zoona, nanenso zinkandinyansa, ngakhale ngumbi ndi mphalabungu ndimadya osaphethira.

Temu ino tinaphunzira za ntchentche yakuda yotchedwa black soldier fly, imene asayansi amati Hermetia illucens. Ukaiona koyamba umayesa mavu, koma siluma, komanso sitera pa nsima ngati ntchentche za m'nyumbazi. Ikakula imangokhala masiku ochepa: kukwerana, kuikira mazira mazanamazana, basi yafa. Ntchito yonse ndi ya mphutsi zake. Mazira amaswa pakapita masiku pafupifupi 4, ndipo kwa masabata awiri kapena kuposerapo mphutsizo zimadya zovunda usana ndi usiku mpaka mulu kuphwa. Zikaumitsidwa, pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse amakhala mapuloteni, n'chifukwa chake zimatha kulowa m'malo mwa soya kapena usipa m'chakudya cha nkhuku ndi nsomba. Bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Nairobi lafufuza kwambiri nkhaniyi, ndipo mayiko a European Union analola tizilombo m'chakudya cha nsomba mu 2017, cha nkhuku ndi nkhumba mu 2021.

M'kope zonsezi zinkaoneka zophweka. Beseni langa loyamba ndinalidzaza tomato wovunda amene ndinatola kumsika, ndikuganiza kuti ndazikomera mtima. Kutacha kawiri munali thope lokhalokha, fungo lake losaneneka, mphutsi zikukwera m'mbali kuthawa madzi. Zotsala zinathera nyerere.

Apo m'pamene ndinamvetsa zomwe aphunzitsi ankabwerezabwereza za chinyezi. Ndinaboola pansi pa beseni, ndinaonjezera madeya, ndipo miyendo ya kathebulo koikapo besenilo ndinaiika m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere. Tsopano ndimafinya chakudyacho m'manja: chikadontha kwambiri, ndithira madeya ena. Ukapisa dzanja mkati mumamveka kufunda, mulu wonse ukuyendayenda.

Chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti mphutsizo zikakhwima zimada, zimasiya kudya n'kuyamba kufuna malo ouma. Ndinangopendeketsa kathabwa kolowera m'chitini, m'mawa ndinazipeza zadzikolola zokha. Nkhuku zinalimbirana mpaka kujomphana.

Zotsalira m'beseni, zakuda ngati dothi la kudimba, amayi anazitenga dzulo osandipempha. Akuti akufuna akayese pa mpiru wawo.