Sabata imodzi ndi nkhope za Modigliani mu Paris

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo m'nyumba zosungiramo zojambula mumzinda wa Paris, ndipo sabata yathayi ndinaithera pa munthu mmodzi, wojambula Amedeo Modigliani, Mtaliyana wa ku Livorno amene anafika mumzindawu mu 1906 ali ndi zaka 21.

Lolemba tinayambira ku Musée de l'Orangerie, popeza Lachiwiri nyumbayi satsegula. Ndinaimitsa gulu langa pa chithunzi cha Paul Guillaume, wamalonda a zojambula, chimene Modigliani anajambula mu 1915. Mwini wakeyo wavala chipewa, wagwira ndudu, mutu wapendekeka pang'ono, ndipo m'munsi mwalembedwa mawu akuti Novo Pilota, kutanthauza woyendetsa watsopano. Ndisanamalize kufotokoza, bambo wina wachikulire anafunsa funso limene ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse: kodi makosi ataliwa ndi mphuno zosongokazi si ntchito ya mowa? Ndinawayankha kuti, "Bambo, munthuyu ankamwadi, koma dzanja la woledzera silikoka mzere umodzi wosadukiza kuchokera pachipumi mpaka pachibwano. Tasendererani pafupi muone." Anasendera, nakhala chete kwa nthawi.

Funso limeneli limandiwawa, chifukwa mbiri ya umphawi ndi uchidakwa yaphimba khama la munthu amene ankadziwa bwino chimene akuchita. N'chifukwa chake Lachitatu ndinatengera gulu lina ku Montparnasse, ku Cité Falguière, kumene Modigliani anagwirako ntchito atadziwana ndi wosema Constantin Brancusi mu 1909. Kwa zaka pafupifupi zisanu mtima wake unali pa kusema miyala, ndipo mu 1912 anaonetsa mitu isanu ndi iwiri pa chionetsero cha Salon d'Automne. Fumbi la mwala linkamupweteka m'chifuwa, pakuti ankadwala chifuwa chachikulu kuyambira ali mnyamata, choncho cha m'ma 1914 anabwerera ku penti ndi burashi. Koma dzanja silinaiwale mwala. Mphuno yayitali ngati yosemedwa, khosi loimirira ngati nsanamira, maso opanda kamwana ka m'diso amene amangopakidwa mtundu umodzi: zonsezi zinachokera ku mitu ija. Wosema saika kuwala m'diso la mwala, ndipo Modigliani anaona kuti nkhope yopanda kuwala kumeneko imakakamiza woiona kuyang'ana m'mene munthu wakhalira, m'mene wagwetsera mapewa ndi kumene waika manja.

Tsiku lomwelo mayi wina, atamva kuti kwathu ndi ku Malawi, anafunsa ngati nkhopezi zikufanana ndi za Gule Wamkulu. Ndinawauza mosabisa kuti ayi. Zigoba zimene ojambula a mu Paris ankazisirira nthawi imeneyo zinali makamaka za Abaule a ku Côte d'Ivoire ndi Afang'i a ku Gabon, ndipo Guillaume mwiniwake ankagulitsa zosema za ku Africa. Sindifuna kuti Africa yense atchulidwe ngati mudzi umodzi, ngakhale wofunsayo atafunsa ndi mtima wabwino.

Lachinayi mvula inatibalalitsa, ndipo tinangokhala m'nyumba n'kukambirana za chionetsero chokhacho cha iye yekha chimene anachita ali moyo, cha mu Disembala 1917 kwa wamalonda a zojambula Berthe Weill, pamene apolisi analamula kuti zithunzi za akazi osavala zichotsedwe.

Lachisanu ndilo tsiku lolemera kwa ine. Tinadutsa pa malo omwera khofi a La Rotonde, pamene Modigliani ankajambula anthu ndi pensulo kuti apeze kandalama ka chakudya ndi chakumwa, kenako tinaima pa nambala 8 mumsewu wa Grande Chaumière, nyumba yake yomaliza. Anamwalira pa 24 Januwale 1920 ali ndi zaka 35, matenda a chifuwa chachikulu atafika ku ubongo. Pasanathe masiku awiri wokondedwa wake Jeanne Hébuterne, amene Modigliani anamujambula kambirimbiri ndiponso anali woyembekezera mwana wawo wachiwiri, anadziponya kuchokera pawindo la nyumba ya makolo ake. Anaikidwa padera ku Bagneux, ndipo mu 1930 ndi pamene anasamutsidwira pambali pa Modigliani ku manda a Père Lachaise. Nkhaniyi ndimainena mwachidule, ndipo mtengo wa madola 170 miliyoni umene chithunzi chake cha Nu couché chinagulidwa ku New York mu 2015 ndimautchula pokhapokha wina akafunsa.

Loweruka ndinabwerera ku Orangerie ndi ophunzira a zojambula asanu ndi mmodzi. Ndinawapatsa mphindi khumi kuti ajambule Le Jeune Apprenti, chithunzi cha Modigliani cha mnyamata wotopa amene watsamira mutu padzanja, chigongono chili patebulo, osachotsa pensulo papepala. Onse anafupikitsa mkono umene wagona pamwendo, ndipo atayerekeza ndi chithunzicho anapempha mapepala ena kuti ayambirenso.